Fungo la Khola Si Matenda

Pali khalidwe loipa limene lafala pakati pa anyamata otuluka sukulu kuno ku dziko la Mfumu Nkomeshya. Mnyamata akangodziŵa kugwira colembera, safunanso kugwira cingwe ca ng'ombe. Ati khola ndi uve, ndipo atate wace akamacokera kokama, iye apatuka ngati waona wakhate. Kodi nzeru yotere anaiŵerenga m'buku liti?

Pa khungu la munthu ali yense, ngakhale la kalaliki wosamba ndi sopo wonunkhira, pamakhala tamoyo tosaoneka ndi maso, miyandamiyanda. Tambiri sitipweteka munthu, ndipo tina timadzaza malo kuti tizirombo toipa tisoŵe pokhala. Munthu wogwira ziŵeto tsiku ndi tsiku amatengako tamoyo ta ziŵetozo pa manja pace, ndipo thupi limaphunzira kukhala nato. M'caka ca 2016 madokotala a ku America anayerekeza ana a magulu aŵiri a alimi. Mwa ana a Amish, amene amaseŵera m'makola a ng'ombe ndi akavalo pafupi ndi nyumba, odwala mphumu anali 5 pa 100 ali onse. Mwa ana a Hutterite, amene makolo ao amalima ndi makina, ziŵeto zili kutali, anali 21. Fumbi la m'nyumba za Amish ndilo linali ndi tamoyo tocuruka.

Sindinena kuti khola lilibe zoopsa. Cipere ca mwana wa ng'ombe cimagwira mbusa. Coopsa koposa ndi anthrax, nthenda imene inabuka ku Sinazongwe m'caka ca 2023, ndipo pofika November anthu oposa 600 m'Zambia anaganiziridwa kuti aitenga. Imaloŵera pa khungu ndi kubala cironda cakuda pakati, makamaka mwa iwo osenda ng'ombe yofa yokha ndi kugaŵana nyama yace. Mbeu zace zimakhala m'dothi zaka zambiri.

Apa ndipo pofunika wophunzira! Ndani adzauza akulu kuti ng'ombe yotere isasendedwe, koma aitane dokotala wa ziŵeto ku Chongwe? Ndani adzalemba tsiku la katemera? Koma mnyamata uja ali pa mseu wa Great East, kudikira basi ya ku Lusaka, manja ace oyera ali m'thumba, pamene mng'ono wace wosadziŵa kuŵerenga wanola kale mpeni.