Musalole kufomata kompyuta ya parishi musanafunse

Caka ndi caka mvula ikayamba mu Novembala, makompyuta a m'maofesi a maparishi ndi a makopaletivi amapsa. Ena amapsa ndi mphenzi, ena ndi magetsi obwera mwamphamvu atazima, vuto limene linakula mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Kawirikawiri cimene cimapsa ndi motherboard, bolodi lalikulu limene ziwalo zonse za kompyuta zimalumikizidwako.

Bolodi latsopano likagulidwa ndi ndalama za akristu kapena za alimi, nthawi zina Windows imakana kudzuka. Apa ndi pamene okonza ena aphuma amanena kuti njira yatsala imodzi, kufomata. Ife tikuti musavomere msanga.

Abale, maina a obatizidwa, maukwati, ngongole za mamembala ndi mndandanda wa alimi olandira feteleza wa FISP sizikhala pa motherboard. Zimakhala pa disiki. Bolodi likapsa, nthawi zambiri disiki imatsala yamoyo, zonse ziri momwemo. Kufomata ndiko kumazifafaniza. Kuli ngati kutentha nyumba yodzala matumba a cimanga cifukwa kiyi yakana kutsegula loko.

Nanga Windows imakaniranji? Zifukwa zodziwika ndi zowerengeka, ndipo wodziwa nchito amaziyang'ana mu BIOS, imene pa mabolodi ambiri imatseguka podina Del kapena F2 kompyuta ikangoyatsidwa.

Coyamba, bolodi latsopano lingakhale likufunafuna Windows pamalo polakwika. Disiki yoyenera iikidwe patsogolo pa mndandanda wa zoyatsira.

Caciwiri, pali njira ziwiri zoyatsira: yakale ya Legacy, imene mabolodi ambiri amaicha CSM, ndi yatsopano ya UEFI. Windows imene inaikidwa m'njira imodzi siidzuka m'njira inayo, conco bolodi latsopano litsatire mmene lakale linaliri.

Cacitatu ndi mmene bolodi limalankhulira ndi disiki, kaya AHCI, IDE kapena RAID. Zikasiyana ndi zakale, skrini imaonetsa mau akuti INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Kubwezera monga kale kumathetsa vutolo. Zonsezi zikakanika, flashi ya Windows iri ndi Startup Repair, imene imayesa kukonza popanda kucotsa mafailo.

Pali cina coopsa kuposa izi. Makompyuta ambiri a masiku ano amatseka disiki ndi BitLocker, ndipo kiyi yake imadalira kacipangizo ka TPM ka pa bolodi. Bolodi likasinthidwa, kompyuta imapempha kiyi ya manambala 48. Popanda iyo, ngakhale katswiri sangatsegule disikiyo. Kawirikawiri kiyiyi imapezeka mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anayamba kugwiritsa nchito kompyutayo. Nanga ngati anali mlembi amene anasamuka, kapena wansembe amene anatumizidwa kwina? Ndiye cifukwa cake tikuti ilembedwe papepala lero, isungidwe pamodzi ndi mabuku a parishi.

Windows ikadzuka, ingathe kudandaula za laisensi, pakuti Microsoft imazindikira kompyuta ndi bolodi lake. Izi siziononga mafailo. Laisensi yolumikizidwa ku akaunti ya Microsoft ingabwezedwe ndi Activation troubleshooter, koma imene inabwera ndi kompyuta kucokera ku fakitale nthawi zambiri siisamukira pa bolodi la mtundu wina. Musalole kuikiridwa Windows yakuba. Ndiponso pogula bolodi funsani ngati lingayendetse Windows 11, imene imafuna TPM 2.0 ndi UEFI, popeza Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Ena adzati kufomata n'kwacangu ndiponso kochipa. Zoona, ndipo nthawi zina kuikanso Windows kumafunikadi. Koma disiki iyambe yalumikizidwa ku kompyuta ina, mafailo akopedwe, mlembi ndi msungicuma aone ndi maso awo kuti akutseguka. Ndalama zocepa zimene tingapulumutse sizingafanane ndi mtsikana wosowa cikalata ca ubatizo ukwati uli pafupi, kapena mlimi amene analipira gawo lake koma umboni wafafanizika.

Tikupempha makomiti a maparishi ndi a makopaletivi kuti agwirizane pa lamulo limodzi: kompyuta isafomatidwe popanda cilolezo ca komiti. Mafailo akopedwe pa flashi mwezi uli wonse, mabuku a mapepala asatayidwe, ndipo mphenzi zikayamba pulagi izulidwe. Wokonza wabwino sakwiya akafunsidwa mafunso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.