Chitini cha Makobidi a Agogo: Kodi Muli Chuma Chochuluka Bwanji?

M'mabanja ambiri a anthu ochokera ku Malawi amene anakhazikika ku Seke, mumzinda wa Chitungwiza, tsiku logawa katundu wa malemu limayamba mwaulemu. Abale amakhala pamphasa, bokosi lachitsulo limatulutsidwa kuchipinda, ndipo zovala, mabulangete ndi zipangizo zimayalidwa poyera monga achitira anansi awo a Chishona pa mwambo wa kugova nhumbi. Pansi pa bokosilo kawirikawiri pamapezeka chitini cha mabisiketi chodzaza ndi ndalama zachitsulo zakale, zina zoboola pakati, zina za mutu wa mfumu ya ku England, pamodzi ndi mitolo ya ndalama zamapepala zimene zinasiya kugwira ntchito.

Mtendere umayamba kusokonekera pamenepa. Wina amati anamva kuti khobidi limodzi loboola likhoza kugula galimoto. Wina amayamba kukayikira mayi wamasiye kuti mwina anatapapo kale zina. Malume ochokera kumudzi amati chitinicho n'cha mbumba, pamene ana amati n'cha bambo awo. Alangizi a zachitukuko ndi akuluakulu a mabungwe a maliro amaitanidwa kudzaweruza nkhani zotere, koma kuweruza kumavuta ngati palibe amene akudziwa mtengo weniweni wa chinthu chimene anthu akulimbirana. Mtengowo ukhoza kudziwika popanda kulipira katswiri, ndipo nthawi zambiri umakhala wochepa kuposa mmene mphekesera zinenera.

Mmene ndalamazi zinafikira m'chitini

Tauni ya Chitungwiza inakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza makomboni a Seke, Zengeza ndi St Mary's, kum'mwera kwa mzinda wa Harare. Ena mwa anthu amene anapeza nyumba kumeneko anali matchona a ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, amene anabwera pansi kapena pa malole a Ulere ndi Mthandizi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu. Ena anali atafikako ku Joni kudzera ku Wenela. Kulikonse kumene munthu wagwira ntchito ankatsalako ndi makobidi angapo, n'chifukwa chake chitini chimodzi chimakhala ndi ndalama za mayiko atatu kapena anayi.

Dziko la Southern Rhodesia linayamba kutulutsa ndalama zake zachitsulo mu 1932, ndipo ndalamazi zinkagwiranso ntchito ku Nyasaland. Kuyambira mu 1955 kunabwera ndalama za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland: khobidi loboola la njovu ziwiri, tiki ya duwa, sikisipensi, sheleni ya mphalapala, ndi ndalama ya masheleni awiri yokhala ndi nkhwazi. Chitaganya chinatha mu 1963, ndipo mu 1964 Malawi anatulutsa ndalama zake za mutu wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, zina za tambala wakuda, zina za chimanga, zina za njovu. Kwacha ya Malawi inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, chaka chimodzi dziko la Rhodesia litayamba kugwiritsa ntchito dola. Dola ya Zimbabwe inabwera mu 1980, ndi ndalama zachitsulo zojambulidwa kalulu, mlambe, mlatho wa Birchenough ndi mabwinja a Great Zimbabwe.

Ndalama zimene sizingagulenso kanthu

Funso loyamba n'lakuti kodi ndalamazi zingagulebe kanthu m'sitolo kapena kusinthidwa kubanki. Yankho lake n'lakuti ayi. Mapaundi ndi masheleni a nthawi ya atsamunda, madola a Rhodesia ndi madola akale a Zimbabwe onse anachotsedwa pamsika.

Anthu a ku Seke ali ndi chifukwa chosatayira msanga chiyembekezo, popeza anaonapo ndalama zakufa zikudzuka. Pa 1 Ogasiti 2008, banki yaikulu ya Reserve Bank of Zimbabwe, motsogozedwa ndi Gideon Gono, inachotsa maziro khumi pa ndalama ya dzikolo, ndipo inalengeza kuti ndalama zachitsulo zakale zimene anthu anali atazitaya ziyambenso kugwira ntchito. Dola imodzi yachitsulo inakhala yofanana ndi madola 10 biliyoni a dzulo lake. Mabanja amene anali ndi zitini anapindula, koma kwa masabata owerengeka chabe, chifukwa mitengo ya zinthu inkathamanga kuposa ndalama. Boma lenilenilo linanena kuti mu Julaye 2008 kukwera kwa mitengo kunafika pa 231 miliyoni peresenti pachaka. Mu Januwale 2009 kunatuluka pepala la madola 100 thililiyoni, ndipo chaka chomwecho dziko linasiya ndalama yake n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi.

Mwayi womaliza wosinthira ndalamazo unaperekedwa kuyambira Juni mpaka Sepitembala 2015. Aliyense amene anali ndi ndalama zosaposa madola 175 kwadililiyoni m'buku la kubanki anapatsidwa madola 5 a ku America, ndipo pepala la 100 thililiyoni linkasinthidwa ndi masenti 40 okha. Khomo limenelo linatsekeka. Ndalama ya ZiG, imene inayamba mu Epulo 2024, ilibe mgwirizano uliwonse ndi mapepala akale aja.

Mtengo wa siliva

Funso lachiwiri likukhudza chitsulo chimene ndalamayo inapangidwira, ndipo apa ndi pamene chitini chikhoza kukhala ndi phindu logwirika. Chinsinsi chake ndi chaka cholembedwa pa ndalamayo. Ndalama zoyera za Southern Rhodesia, kuyambira tiki mpaka ya masheleni awiri ndi theka imene inkatchedwa half crown, zinali za siliva weniweni kuyambira 1932 mpaka 1946. Zopangidwa chisanafike chaka cha 1944 zili ndi magawo 925 a siliva pa magawo 1,000 alionse, pamene za 1944 mpaka 1946 siliva wake ndi theka chabe. Kuyambira mu 1947 zinayamba kupangidwa ndi kopa wosakaniza ndi nikelo, amene amaoneka woyera ngati siliva koma mtengo wake ndi wochepa. Ndalama wamba za chitaganya, za Malawi za 1964, za dola ya Rhodesia ndi za Zimbabwe zilibe siliva. Makobidi oboola, amene mphekesera zimawakweza kwambiri, alibenso siliva ngakhale golide.

Ndalama zobwera ndi a ku Joni zili ndi malire ake. Zoyera za ku South Africa za 1923 mpaka 1950 zili ndi magawo 800 a siliva pa 1,000, ndipo za 1951 mpaka 1964 zili ndi theka. Za ku Britain zili ndi magawo 925 ngati zinapangidwa chisanafike chaka cha 1920, ndi theka kuyambira 1920 mpaka 1946.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Half crown imodzi imalemera magalamu 14, sheleni magalamu 5 ndi theka, ndipo tiki galamu imodzi ndi theka osakwana. Choncho half crown ya 1937 ili ndi siliva wokwana magalamu 13, pamene ya 1945 ili ndi magalamu 7. Mtengo wa siliva padziko lonse umatchulidwa pa muyeso wa aunsi, imene ndi magalamu 31, ndipo umasintha tsiku ndi tsiku. Banja lokhala ndi ma half crown khumi a zaka za m'ma 1930 lili ndi maaunsi anayi a siliva. Mwana wasukulu wokhala ndi foni akhoza kupeza mtengo wa tsikulo pa intaneti n'kuchulukitsa. Wogula amalipira mocheperapo chifukwa nayenso amafuna phindu, koma banja limalowa m'malonda likudziwa poyambira. Maginito sathandiza kwenikweni poyesa, popeza siliva samamatira ku maginito ndipo kopa wosakaniza ndi nikelo nayenso samamatira.

Mtengo kwa osonkhanitsa ndalama zakale

Funso lachitatu n'lakuti kodi anthu okonda kusonkhanitsa ndalama zakale angalipire zingati. Ambiri amaganiza kuti ukale wa ndalama ndiwo umakweza mtengo, koma osonkhanitsa amayang'ana zinthu ziwiri: kusowa kwa ndalamayo ndi maonekedwe ake. Makobidi a chitaganya anapangidwa mamiliyoni ambiri ndipo amapezeka m'nyumba zambiri ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Khobidi lofufutika chifukwa choyendayenda m'manja limagulidwa ndi ndalama zochepa, ngakhale litakhala ndi zaka 70.

Ndalama zosowa zilipo ndithu. Chitsanzo chodziwika ndi theka la senti la Rhodesia la 1977, limene pafupifupi onse anasungunulidwa asanatulutsidwe, kotero kuti otsala ndi owerengeka. Koma kusowa kwake komweko kukutanthauza kuti mwayi wolipeza m'chitini cha kunyumba ndi wochepa zedi. Mapepala a 100 thililiyoni, amene banki inawaona ngati masenti 40, akhala akugulidwa ndi alendo ndi osonkhanitsa a kunja pamtengo wokwera kwambiri kuposa pamenepo akakhala atsopano, osapindika. Okwinyika ndi othimbirira satsata mtengo umenewo, ndipo pamsika palinso mapepala achinyengo. Mabuku monga Standard Catalog of World Coins amasonyeza kuchuluka kwa ndalama zimene zinapangidwa chaka chilichonse, koma mitengo ya m'mabuku ndi yogulitsira m'masitolo a kunja, osati imene munthu angapatsidwe ku Harare.

Cholakwa chofala ndi kutsuka ndalama ndi phulusa, mchenga, mandimu kapena mankhwala owalitsira zitsulo pofuna kuti zikongole. Kutsuka kumakanda nkhope ya ndalama ndipo osonkhanitsa amatsitsa mtengo akangoona zizindikiro zake. Ndalama yakale iyenera kusiyidwa ndi mtundu wake, kugwiridwa m'mbali, ndi kusungidwa m'kaenvulopu kapepala pamalo ouma.

Achinyengo ndi malamulo

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pali anthu amene amayendayenda m'makomboni ndi m'midzi ya ku Seke akulonjeza ndalama zankhaninkhani pa khobidi limodzi, koma amafuna kuti mwini wake ayambe walipira ndalama yoyezetsera kapena yoitanira wogula wa kunja. Wogula woona salipiritsa wogulitsa. Enanso amabwera ndi njira yosiyana: amanyoza chitini chonse kuti n'chachabechabe, n'kuchigula pamtengo wa buledi, podziwa kuti muli siliva. Njira yodzitetezera kwa onsewa ndi imodzi. Banja likhale pamodzi, lisanje ndalamazo potsata dziko ndi chaka, lilembe mndandanda m'kope pamaso pa mboni, lijambule zithunzi mbali zonse ziwiri, kenaka lifunse mtengo kwa ogula awiri kapena atatu osadziwana. Chitini chisachoke panyumba ndi munthu mmodzi yekha.

Mndandandawu umathandizanso pa nkhani ya malamulo. Pa chikhalidwe cha Achewa, chuma cha mwamuna kale chinkapita kwa abale a kuchikazi, makamaka ana a mlongo wake. Ku Zimbabwe lamulo la Administration of Estates Act, monga linasinthidwira mu 1997, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo ndiye amalandira nyumba imene ankakhalamo ndi katundu wa m'nyumbamo. Chuma cha malemu chiyenera kulembetsedwa ku ofesi ya Master of the High Court kapena kubwalo la majisitireti, kumene amasankha munthu woyendetsa kagawidwe kake. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu ku Zimbabwe, monganso ku Malawi pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011.

Zina zimene zili m'bokosi lomwelo

Alangizi ayenera kukumbutsa mabanja kuti asamangoyang'ana chitini n'kutaya mapepala achikasu amene chinakhalira. Chitupa chakale, makalata ochokera kumudzi, khadi la ntchito, mtchatho wa ukwati, makalata a ubatizo ndi mapepala a nyumba a ku khonsolo zikhoza kuposa makobidi onse pamtengo. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ana ambiri a matchona ali ngati alendo m'dziko limene anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira kuti munthu wobadwira ku Zimbabwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo ankakhala m'dzikolo pamene malamulowo ankayamba, ndi nzika mwa kubadwa. Potsimikiza zimenezi ku ofesi yolembetsa anthu pamafunika umboni, ndipo umboniwo nthawi zina umapezeka pansi pa bokosi la agogo.

Chitinicho chili ndi phunziro kwa alimi ndi magulu osunga ndalama. Agogo amene anasunga masheleni ndi madola awo m'nyumba anachita zimenezo mwachikondi, koma ndalama ya dziko inasintha kangapo m'moyo wawo ndipo mphamvu yake inatha ili chikhalire m'chitini. Zimene zinapulumuka m'zaka za 2008 ndi 2009 zinali nyumba, ziweto, zipangizo zaulimi ndi maphunziro a ana. Banja likawerengera bwino n'kupeza kuti siliva wa m'chitini akhoza kugula matumba angapo a feteleza kapena kulipira fizi ya teremu imodzi, ligulitse mogwirizana ndi kulemba mmene ndalamazo zagwirira ntchito. Makobidi otsalawo agawidwe kwa adzukulu, aliyense limodzi, ndipo wamkulu wa banja awafotokozere mudzi, mfumu ndi boma kumene agogo awo anachokera, ndi chaka chimene anawoloka Zambezi.