Mawu kwa Makolo: Za Bwalo la Mpira

Mwezi uno tikambe za bwalo. Yense wodutsa pa Lizulu madzulo, malonda a mbatata ndi kabichi atazilala pamsewu, amaona anyamata atasonkhana pabwalo, nathamangira mpira wa chikulunga kufikira mdima. Makolo ena amati: Ulesi umenewo, akadapita kudimba. Ena sasamala konse, angokondwa kuti phokoso lachoka pakhomo. Tsono imvani mbiri ya bwalo lina lakutali, kuti tiweruze bwino mlanduwu.

Mu mzinda wa New York ku America muli dera la anthu akuda lotchedwa Harlem. Kumeneko kuli bwalo lapanja lopanda denga, pamene aliyense afika ndi kusewera basketball, ndiwo mpira woponya ndi manja m'dengu lopachikidwa pamwamba. Bwalolo lidatchuka chifukwa cha munthu mmodzi, Holcombe Rucker, wobadwa m'chaka cha 1926, amene ankagwira ntchito yoyang'anira malo osewerera ana mumzindamo. Iyeyu poona anyamata akungoyendayenda m'misewu pa nyengo ya tchuthi, adawayambitsira mpikisano. Komatu sadalekeze pa mpira pokha. Ankafunsa za sukulu ya mnyamata aliyense, ndipo mwambo wake udali wakuti wodziwa kanthu aphunzitse mnzake. Anyamata mazanamazana adapeza malo m'sukulu zapamwamba chifukwa cha iye. Adamwalira ndi matenda a khansa m'chaka cha 1965, ndipo mu 1974 akulu a mzinda adatcha bwalolo dzina lake.

Pabwalo limenelo padasewera akatswiri omveka dziko lonse, monga Wilt Chamberlain ndi Julius Erving, kotero kuti anthu osowa pokhala ankakwera m'mitengo ndi pamadenga kuti awaone. Koma amene Harlem amamusimba koposa ndi Earl Manigault. Akuti mnyamatayu ankalumpha mpaka kutola ndalama yoikidwa pamwamba pa thabwa la dengu. Rucker adamulera ngati mwana wake. Koma mkuluyo atamwalira, Manigault adasiya maphunziro, nagwa m'mankhwala ozunguza bongo, nalowa m'ndende kawiri. Luso lonse lija silidamupatse kanthu. Pambuyo pake adatembenuka mtima, nabwerera kumabwalo a kwawo kukachenjeza ana, kufikira imfa yake mu 1998.

Taonani abale, bwalo ndi lomwelo, mpira ndi womwewo, koma ena adatulukapo anthu, ena adatayika. Chosiyanitsa chidali chakuti pambali pa bwalo payime munthu wamkulu wokonda ana. Yohane Bosco Woyera, amene adamwalira mu 1888, adadziwa chinsinsi chomwechi: adasonkhanitsa anyamata osauka a ku Turin ndi masewera, nasewera nawo iye mwini, ndipo pamenepo adawatsogolera ku katekisimu ndi ku ntchito zamanja. Ngakhale makolo athu Angoni, kuno kwa Inkosi Gomani, sadatumize mnyamata yekha ku bwalo la ingoma. Ankaponda pambali pa akulu, naphunzira ulemu pamodzi ndi mavinidwe.

Nanga pa mabwalo athu payima yani? Akulu akasowa, malo awo satsala opanda munthu. Amadza wogulitsa kachasu, wa chamba ndi wa juga, ndipo iwowa salephera tsiku. Mwana wanu akachinya chigoli, woyamba kumuyamika ndiye amene adzamumvera mawa.

Chifukwa chake musaletse ana mpira, pakuti thupi lolimba ndi mphatso ya Mulungu. Koma inu abambo, panganani m'miphakati yanu kuti tsiku lililonse la masewera mmodzi wa inu akayime pabwalo. Dziwani maina a anyamatawo, ndi amasiye omwe. Funsani za sukulu. Letsani kutukwana ndi kubetcherana ndalama, ndipo Lamulungu mpira usayambe Misa isanathe. Dzuwa likalowa, abalalitseni kuti akapemphere ndi banja. Musanene kuti wanga sali pomwepo, pakuti akale adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Yohane Bosco Woyera apempherere ana athu, ndi ife owalera.