Madzi a mtundu wa tiyi kumatsiriro: nkhani imayambira kudimba kwathu



Mvula ikangoyamba, tonse timaona zomwe zimachitika kumatsiriro a Linthipe ku Salima, a Bua ku Nkhotakota ngakhalenso ku Chia. Madzi amasanduka ofiirira, ndipo timangoti ndi matope, aphwa okha. Koma tayesani izi: tungani madziwo m'botolo loyera, muwasiye usiku wonse. M'mawa mupeza matope akhazikika pansi, koma nthawi zambiri madzi a pamwamba amakhalabe ngati tiyi wopanda mkaka. Mtundu umenewo sukhazikika ayi, chifukwa ndi zinthu zosungunuka: msuzi wa masamba owola, udzu wa m'madambo, ndowe za m'khola, manyowa ndi nthaka yachonde yokokoloka m'minda.

Nanga msodzi zikumukhudza bwanji? Nkhani yagona pa kuwala. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza. M'madzi oyera a pakati pa nyanja, mtundu wabuluu ndi umene umalowa pansi kwambiri, n'chifukwa chake nyanja yathu imaoneka yabuluu. Koma zosungunukazi zimayamba kumeza wabuluu womwewo, umene zomera zimaufuna kuti zipange chakudya. Zikasakanikirana ndi matope, pamalo oti munthu wamkulu madzi amamulekeza m'khosi, pansi pake pamatha kukhala mdima dzuwa lili paliwombo.

Mumdima udzu wa pansi pa madzi sumera, ndere za pamiyala ndi pamchenga nazo zimachepa. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana mkamwa, kenako n'kukawalavula m'madzi osaya, momwe kasawala amabisala m'maudzu n'kumadya momwemo. Udzu ukatha, kasawala alibe kothawira. Komanso tizilombo tosaoneka ndi maso tikamadya zowolazi timatha mpweya wa m'madzi, ndipo m'madziwe odekha nsomba zimabanika.

Tisanamizane, mtundu pang'ono wa tiyi ndi chilengedwe cha Allah. Madambo akhala akuthira madzi otere m'nyanja kuyambira kale, ndipo amatchinjiriza tiana ta nsomba ku ukali wa dzuwa. Dzuwa lomwelo limausungunula mtunduwo pang'onopang'ono. Vuto ndi pamene ife tawonjezera mopyola muyeso. Tikuvomerezanso kuti si mdima wokha umene watha nsomba. A ku Mangochi akukumbukira momwe chambo chinasowera m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka a maso ang'onoang'ono atakokolola kasawala pamodzi ndi udzu wa pansi. Koma phunziro lake n'lomweli: udzu wa m'madzi ukapita, chambo chimatsatira. Khoka limauzula, mdima umauletsa kumeranso.

Ena anena kuti, "Ndiye tisiye kulima kudimba? Ana adya chiyani?" Funso limeneli n'lomveka, ndipo ifenso timadya tomato ndi mpunga wa m'madimba momwemo. Koma kuno kwathu mlimi ndi msodzi ndi banja limodzi. Bambo ali pabwato, mayi ali kudimba, mphika ndi umodzi. Tikalima mpaka pagombe penipeni pa mtsinje, tapindula mizere itatu ya chimanga, n'kutaya ndiwo za chaka chamawa.

Ife Asilamu kuyang'anitsitsa madzi si kwachilendo. Kumadrasa mashehe athu anatiphunzitsa kuona mtundu, fungo ndi kakomedwe ka madzi tisanachite wuzu. Diso lomwelo tiyeni tipite nalo kumtsinje. Dziko lino tinapatsidwa ngati amana, ndipo tidzafunsidwa momwe tinalisungira.

Zoti tichite sizofuna ndalama. Tisiye bango, gumbwa ndi mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa zimachepetsa liwiro la madzi ndi kugwira zokokoloka. Pomwe tinagwetsa kale, tibzale vetiva kapena nsenjere. Makola a ng'ombe ndi mbuzi, maenje a manyowa ndi zimbudzi zikhale kutali ndi madzi. Manyowa akagwire ntchito m'munda, osati m'nyanja. Mizere idule chitunda chopingasa, ndipo mapesi tiphimbire nthaka m'malo motentha.

Chinanso, tiyambe kuyeza tokha. Tengani chivindikiro choyera cha mphika, muchimangirire mwala kunsi ndi chingwe chokhala ndi mfundo. Chimizeni pang'onopang'ono mpaka chisaonekenso, muwerenge mfundozo. Akatswiri a zamadzi amayeza chimodzimodzi. Anyamata awiri atamachita izi pamalo amodzi Lachisanu lililonse tikatuluka ku Juma, n'kumalemba m'kope losungidwa kumzikiti, pakutha pa chaka tidzakhala ndi umboni wokaonetsa kwa a BVC, mafumu ndi alangizi a zaulimi. Tikapita ndi kope m'manja, a kumtunda sadzati tikungowanena.

Tikupempha makomiti a mizikiti ya m'mbali mwa mitsinje kuti nkhaniyi aikambe mvula isanafike. Insha'Allah, ana athu adzaonanso mchenga wa pansi kumatsiriro, ndi kasawala akusewera pamenepo.