Musanaimbe mlandu netiweki, yambani mwaifunsa foni yanu

Tsiku lina titaweruka pa msonkhano wa mphakati ku Kanyama, amai ena acikulire anandiimitsa pa njira. Anamasula mfundo ya citenje, naturutsa kafoni kao kochipa. "A Katekisiti, tandionerani ici cinthu. Masiku asanu sindinalandire uthenga wa mwana wanga wa ku Kitwe, komanso ndiyembekeza uthenga wa fetereza." Amaiwa amakhala m'komboni koma munda wao uli ku Chongwe. Anali atapita kale kawiri kwa mnyamata wina wokonza mafoni pa msika, ndipo ulendo uliwonse anasiya K50.

Titayang'ana, foniyo inalibe matenda. Inali ndi masimu awiri. Bando anagula pa simu yoyamba, koma intaneti inali itaikidwa pa simu yaciwiri, imene inalibe ngakhale ngwee imodzi. Tinasintha, ndipo mauthenga anayamba kulowa ngati nkhuku madzulo.

Nkhani yanga lero ndi iyi, abale ndi alongo. Ambiri a ife tikutaya ndalama pa mabvuto a foni amene tingathe kuwathetsa tokha. Foni ikakana intaneti, wolakwa amakhala mmodzi mwa atatu: bando, foni yeniyeniyo, kapena nsanja ya netiweki. Munthu wodziwa kusiyanitsa atatuwa sadyeredwa masuku pamutu.

Coyamba timvetse ici. Kuimba foni, kulandira meseji wamba ndi kutumiza ndalama podina manambala oyamba ndi kanyenyezi sikufuna intaneti. Alimi amene mukuyembekeza uthenga wa FISP, musade nkhawa kuti bando ikatha uthengawo sudzafika. Cimene cimatsekereza meseji kawirikawiri pa mafoni a mabatani ndi kudzaza kwa bokosi la mauthenga. Fufutani akale, ndipo simu imene munalembetsa ikhale m'foni, osati m'thumba la jekete. Zimene zimafuna intaneti ndi WhatsApp, Facebook ndi zina zotere.

Tsono intaneti ikakana, yambani ndi bando. Funsani zotsala podina nambala ya kampani yanu. Bando ili ndi nthawi yake: ya tsiku limodzi imafa nthawi ikakwana ngakhale simunaimalize. Inanso imagwira pa WhatsApp ndi Facebook cabe, kwina konse ayi. Ngati bando yanu imatha msanga, kawirikawiri wakuba ndi mavidiyo a m'magulu amene amadzilowetsa okha. Letsani zimenezo mu Settings ya WhatsApp, kuti cilowe cokhaco cimene mwacisankha.

Bando ikakhalapo, yang'anani foni. Kodi data ndi yoyatsa? Kodi ili pa simu yoyenera? Kodi pamwamba sipakuoneka kathunzi ka ndege, kamene mdzukulu angadine posewera? Kathunziko kakayaka, foni imaleka kulankhula ndi nsanja iliyonse. Zimitsani foni, dikirani pang'ono, yatsaninso. Onaninso tsiku ndi nthawi. Mafoni ocotsa batire amakonda kubwerera ku caka cakale batire ikagwedezeka, ndipo tsiku likalakwika WhatsApp ndi masamba ambiri a pa intaneti amakana kutseguka. Ngati foni ndi yatsopano kapena mwaikamo simu yatsopano, mwina ikusowa makonzedwe ochedwa APN. Amenewa pitani mukawapemphe ku shopu ya kampani ya simu yanu.

Phunziraninso kuwerenga kalemba kakang'ono kamene kamaoneka pafupi ndi timizere ta netiweki. G kapena E ndiye kuti muli pa 2G, njira yakale imene imayenda ngati ngolo ya ng'ombe. H kapena 3G ndi yabwinoko, 4G kapena LTE ndiyo yothamanga. Mafoni ambiri a mabatani amathera pa 2G. Ngakhale kuti MTN inayambitsa 5G muno m'dziko mu 2022, foni ya mabatani siingaione n'komwe.

Za Wi-Fi nazo zasokoneza ambiri. Wi-Fi siicokera m'simu yanu. Imacokera m'kabokosi ka m'nyumba, ka mu ofesi, kapena m'foni ya mnzanu amene wakugawirani, ndipo siipita patali. Cipupa cimodzi kapena ziwiri zimaifooketsa. Foni ingathe kuonetsa kuti yalumikizana ndi kabokosiko koma intaneti palibe, cifukwa kabokosiko nako bando yake yatha. Zili ngati mpopi umene mapaipi ake ali bwino koma thanki ndi youma. Ikakana mau acinsinsi, onani bwino zilembo zazikuru ndi zazing'ono, kapena uzani foni iiwale Wi-Fi imeneyo ndi kulowanso mwatsopano. Dziwaninso kuti mafoni ambiri a mabatani alibe Wi-Fi, ndipo palibe wokonza amene angaiikemo.

Pali bvuto lina limene silikonzeka ndi sikuludiraiva. Kuyambira October 2023, WhatsApp inaleka kugwira pa mafoni a Android akale osafika pa 5.0, ndipo mu 2025 inalekanso pa mafoni a mabatani oyendera KaiOS. Wina akakuuzani kuti mumulipire akubwezereni WhatsApp pa foni yotere, sungani ndalama yanu. Foniyo ikali yabwino poimba, polandira meseji ndi potumiza ndalama. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Nthawi zina foni ndi bando zonse zili bwino, wolakwa ndi nsanja. Njira yodziwira ndi yapafupi: funsani a neba amene ali pa kampani imodzi ndi inu. Ngati naonso akulira, musavule foni yanu. Nsanja zimadya malaiti monga nyumba zathu. Tonse tikukumbukira 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo boma linalengeza tsoka la dziko mu February. Malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku, mabatire a pa nsanja anali kutha, netiweki nayo n'kugona. Ndiponso m'makomboni odzaza anthu monga Chawama, George ndi Mtendere, madzulo tonse timaunjikana pa nsanja imodzi monga pa mpopi wa m'mamawa. Malata ndi zipupa za mabuloko nazonso zimacepetsa mphamvu. Turukani panja, kapena yesani m'bandakuca.

Ena adzati, "A Katekisiti, anyamata okonza mafoni naonso afunika kudya." Zoonadi, ndipo ambiri mwa iwo ndi okhulupirika. Foni ikagwa m'madzi a mvula ya ku Kanyama, galasi likasweka kapena pochajira pakafa, pitani kwa iwo. Koma kulipiritsa nkhalamba K50 cifukwa codina batani limodzi si nchito, ndi kudya thukuta la wosauka. Coopsa kwambiri n'cakuti m'foni muli ndalama. Posiya foni kwa wokonza, cotsani simu mupite nayo. Nambala yanu yacinsinsi musauze munthu aliyense, ngakhale woimba foni wonena kuti ndi wa ku kampani ndipo afuna kukukonzerani netiweki. Wa kampani weniweni safunsa PIN.

Enanso adzati, "Ife maso anafooka, ndipo zonse zalembedwa m'Cizungu." Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo ndikulipereka kwa eni ake. A MTN, a Airtel, a Zamtel ndi a Zed Mobile, kuyambira masiku a Celtel, Telecel ndi Cell Z takhala tikukugulani tokitaimu mokhulupirika. Malonda anu mumawalengeza m'Cinyanja comveka bwino. Bwanji malangizo okonzera foni osawalembanso m'Cinyanja, pa kapepala kamodzi kopacika pa buthi iliyonse? Netiweki ikafa m'dera, bwanji osatumiza meseji ikabwerera kutiuza cimene cinacitika, kuti tisamaganizire mafoni athu? Inunso owerenga, dziwani kuti muli ndi kodandaula. Yambani ku kampani yanu. Ikapanda kukuthandizani, imbani ku ZICTA, bungwe loyang'anira makampaniwa, pa nambala yaulere 7070.

Potsiriza ndilankhule ndi inu acinyamata. Musamangolanda foni kwa agogo, kudina-dina mwamsanga ndi kubweza. Khalani nao pansi, muwaonetse pang'onopang'ono, adine okha kawiri kapena katatu. Pa misonkhano ya mphakati ndi ya makoparetivu a alimi, mphindi khumi zokha zingakwane kuphunzitsana zimenezi. Inunso makolo anzanga, musacite manyazi kufunsa mwana. Safunsa anadya phula.

Amai a ku Kanyama aja ndinakumana naonso patapita milungu iwiri. Anali pa khonde, magalasi ali pa mphuno, akuonetsa mnzao posinthira simu.