Kutsegula khola si kupulumutsa hatchi

Moto wolusa ukangobuka ku California, kapena mkuntho ukayandikira gombe la Florida, pali langizo lina lomwe limafala msanga kuposa utsi: tsegulani makola, masulani mahatchi, nzeru zawo zachibadwa ziwalondolera kopulumukira. Olifalitsa amakonda kuloza kanema wa pa 7 Disembala 2017, wa mahatchi a mpikisano ali liwiro la mtondo wadooka mu utsi wakuda bii ku San Luis Rey Downs, malo ophunzitsirako mahatchi ku Bonsall, kumpoto kwa San Diego. Magazini ino ikukana langizoli, ndipo umboni wake ukuchokera pa malo omwewo.

Tsikulo moto wotchedwa Lilac, wokolezedwa ndi mphepo youma ya Santa Ana, unafika pa makola pomwe panali mahatchi pafupifupi 450. Mitengo ya kanjedza inayaka ngati miuni, makala ake n'kumagwera pa madenga. Osamalira ziwetozo anathamanga khomo ndi khomo kutsegula zitseko chifukwa nthawi yokweza ziweto m'ngolo inali itatha kale. Anachita chamuna, ena mpaka kupsa modetsa nkhawa, ndipo mahatchi ambiri anapulumuka chifukwa cha iwo. Koma mahatchi 46 anafa. Ena anakanirira m'zipinda zawo chitseko chili pululu, ena anatuluka n'kubwereranso m'khola loyaka. Kanema uja sasonyeza zimenezi.

Aliyense amene anawetapo ng'ombe sangadabwe nazo. Dzuwa likapendeka ng'ombe imalunjika yokha kukhola, popanda woikusa. Hatchi nayo imadziwa chipinda chake ngati malo odyera, ogona ndi obisalako zinthu zikavuta. Ikachita mantha siwerengera kuti denga likuyaka, imangothamangira komwe inazolowera. N'chifukwa chake ozimitsa moto amanena kuti hatchi ikatulutsidwa, chitseko chitsekedwe kumbuyo kwake, ndipo iperekedwe kumpanda wina wakutali. Kutsegula kokha ndi theka la ntchito, ndipo theka linalo ndi lomwe ofalitsa langizoli amaliiwala.

Hatchi yomasulidwa imakathera kuti? Yolemera makilogalamu 500, yosaona bwino mu utsi, imalowa mumsewu womwewo umene mabanja akuthawiramo ndi galimoto zozimitsa moto zikubweramo. Ngati yavala chingwe cha nayiloni kumutu kapena kansalu koteteza ntchentche kumaso, kutentha kumasungunulira zinthuzo pakhungu. Odziwa amavula zonsezo, kapena amagwiritsa ntchito chingwe chachikopa.

Pasakhale wonena kuti magazini ino ikuti ziweto zizikhomeredwa. Masiku awiri moto wa ku Bonsall usanachitike, moto wa Creek unapha mahatchi 29 pa famu ina ku Sylmar, mumzinda wa Los Angeles, ndipo ofika kudzathandiza anapeza zipinda zina zili ndi maloko. Loko pakhola la hatchi ndi msampha. Malawi akafika pakhomo ndipo palibenso njira ina, kumasula n'koyenera ndithu. Vuto ndi kusandutsa chochita cha munthu wothedwa nzeru kukhala dongosolo lokonzekera ngozi, chifukwa mwini ziweto amene wakhulupirira zimenezo sagula ngolo, safufuza kothawira, ndipo amadikira mpaka moto utaonekera pamwamba pa phiri.

Pa nkhani ya mkuntho langizoli lili ndi kachoonadi pang'ono, ndipo n'komwe limapezera mphamvu. Mkuntho wa Andrew utasakaza kumwera kwa Florida mu Ogasiti 1992, madokotala a ziweto anaona kuti mahatchi ambiri anafera m'makola ogumuka, pamene osiyidwa pabwalo anapirira bwino. Kuyambira pamenepo alangizi a kumeneko amati khola losalimba ndi loopsa kuposa busa lalikulu. Koma busa lomwe akunenalo ndi losankhidwiratu: lokwera, lotchingidwa ndi mpanda, lopanda nthambo zamagetsi, lopanda malata ndi zitsulo zoti mphepo inganyamule. Andrew yemweyo anaphunzitsanso mbali inayo. Mipanda itagwa, mahatchi oyendayenda anagundidwa ndi galimoto, ena anaponda nthambo zamagetsi zakugwa, ena anadwala impso posowa madzi akumwa kwa masiku angapo. Hatchi imamwa malita 20 mpaka 40 pa tsiku, ndipo magetsi akazima pampu ya pachitsime nayo imaima. Amene sanadzaze migolo mkuntho usanafike amaona chiweto chake chikufa ndi ludzu dziko lonse lili madzi okhaokha.

Ndipo pomwe nyanja ikusefukira kumtunda, monga zinachitikira ku Louisiana ndi mkuntho wa Katrina mu 2005, busa lotsika ndi manda basi.

Chomwe chimapulumutsa mahatchi n'chosasangalatsa kujambula. Ndi kuphunzitsa hatchi kukwera ngolo pa tsiku la bata, mobwerezabwereza, usiku ndi usana womwe, chifukwa hatchi yomwe sinakwerepo siyambira tsiku lomwe kumwamba kwafiira. Ndi kunyamuka chenjezo loyamba likangomveka, misewu isanadzadze, podziwanso kuti ngolo yaitali imagubuduzika mphepo ikakula. Ku America kudutsa ndi hatchi malire a boma lina kumafuna chikalata cha Coggins, chotsimikiza kuti ilibe matenda ena opatsirana a m'magazi, choncho mapepala amayenera kukhala m'chikwama chosalowa madzi, osati m'kabati ya khola loyakalo. Kholalo limafunanso chisamaliro chake: udzu wouma usungidwe m'nyumba ina, popeza udzu womangidwa usanaumitsitse umatentha mkati mpaka kuyaka wokha, tchire lilambulidwe mozungulira, ndipo chingwe chipachikidwe pa chitseko chilichonse kuti ngakhale mlendo athe kutulutsa chiweto mumdima.

Kothawira nako kumadziwika kale kwa amene afunsa. Opulumuka a ku Bonsall anakasungidwa ku bwalo la zionetsero la Del Mar. Pa moto wa Woolsey mu Novembala 2018, eni ziweto a ku Malibu omwe misewu inawatsekera anatsikira nazo ku gombe la Zuma, n'kuzimangirira pa mchenga pomwe moto sukanapeza chodya. Anazitsogolera okha, chingwe chili m'manja.

Ngakhale womasula mokakamizika ali ndi ntchito yoti achitiretu: kulemba nambala ya foni pa chiboda kapena pa nthiti ndi utoto wosafufutika ndi madzi. Boma la Louisiana linkalamula kale kuti hatchi iliyonse ikhale ndi chizindikiro chosatha, ndipo ambiri anaikidwa kachipangizo kakang'ono m'khosi. Katrina atadutsa, mahatchi mazanamazana anasonkhanitsidwa ku Lamar-Dixon Expo Center ku Gonzales, komwe madokotala ndi ophunzira a Louisiana State University ankawasamalira, ndipo zizindikirozo zinathandiza kuti pafupifupi onse abwerere kwa eni ake.