Land Rover yakale, injini yachilendo: mlandu uli pa mabuleki

Misewu ya m'minda ya tiyi ku Thyolo imayesa galimoto kuposa momwe amayesera a Road Traffic. Chiperoni chikachita masiku atatu, dothi la katondo limaterera ngati therere, ndipo tigalimoto ta ku Japan tadzaza m'tauniti timangozunguza matayala pa chitunda choyamba. Misewu yotereyi ndi imene Land Rover yakale inatchuka nayo. Lero zambiri zakhala pa njerwa kuseri kwa magalaja, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala, thupi lili gwa koma injini inagona kalekale. Mwini wake akaganiza zoikamo injini ya Toyota kapena ya Nissan, okonda galimoto zakale amagwira pakamwa, amati waiwononga. Ine ndikuti walinga bwino, malinga ntchitoyo aigwire yonse osasiyira panjira.

Amene amanyansidwa ndi injini yachilendo ayambe afunsa mbiri ya Cobra, galimoto ya mpikisano imene anthu olemera amailimbirana. Kampani ya AC ku England inkapanga kagalimoto kopepuka kotchedwa Ace, ndipo a Bristol atasiya kupanga injini yake, munthu wa ku Texas dzina lake Carroll Shelby anapempha kuti ayeseremo injini ya V8 ya Ford. M'chaka cha 1962 Cobra inabadwa, thupi lachingelezi, injini yachimereka. Zenizeni zinapangidwa pafupifupi 1,000 zokha, n'chifukwa chake lero kuli makampani opanga zofanizira zake. Ina mwa fakitale zoterezi, Hi-Tech Automotive, ili pafupi ndi Gqeberha ku South Africa, ndipo galimoto zake za Superformance zimagulitsidwa zilibe injini kuti wogula asankhe yekha yoikamo. Ngati galimoto yolemekezeka chonchi inachokera pa kusinthanitsa injini, makaniko wa ku Luchenza walakwa chiyani?

Land Rover inatuluka koyamba mu 1948, nthawi imene Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, inali itakolola kale tiyi zaka zambiri. Chitsulo chinali chosowa ku Britain nkhondo itangotha, choncho thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri. Kumalo a chinyezi ngati Thyolo umenewu ndi mwayi waukulu: thupi limatha zaka 50 likadali lolimba. Injini ndiye sifika patali choncho. Ya dizilo ya malita 2.25, imene inali mu Series III ya pakati pa 1971 ndi 1985, mphamvu zake zinali mahatchi 62 basi ikadali yatsopano, ndiye muganize itatopa, ikufuka utsi ndi kumwa oyilo. Zida zake n'zoitanitsa kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chakwera mtengo. Pamene injini za Toyota 3L ndi 5L, kapena Nissan TD27, n'zimene zayendetsa ma minibasi athu zaka zonsezi. Zida zake zili mbwee ku Limbe ndi ku Ndirande, ndipo mwana wophunzira umakaniko aliyense wazimasulapo ndi manja ake.

Otsutsa amati galimoto ikataya injini yobadwa nayo imatsika mtengo kwa osunga zakale. Zimenezi n'zoona ku London, komwe wogula amayerekeza nambala ya injini ndi ya m'kaundula wa fakitale. Koma ogula otere ku Bvumbwe alipo angati? Kuno Land Rover yosayenda malekezero ake ndi kwa ogula zitsulo zakutha, amene amaiyeza pa sikelo, kapena kwa osula miphika. Yoyenda imatengera masamba a mlimi wamng'ono poyezera, imatsitsa nthochi, imathamangira ndi mayi wodwala ku chipatala cha boma usiku mvula ikugwa. Komanso eni ake a Land Rover sanali okakamira chonchi: injini ya V8 imene anaika mu Range Rover mu 1970 inali yochokera ku Buick ya ku America. Amene akufunadi kusunga mbiri asataye injini yakaleyo, aithire oyilo aisunge m'shedi, chasisi asaidule mwachisawawa, kuti wofuna kuibwezera mtsogolo adzathe.

Pali kutsutsa kwina kumene ndikukumvera, kwakuti injini zamakono zenizeni n'zovuta. Izi zimayendetsedwa ndi kompyuta, mawaya ndi masensa ambirimbiri, ndipo zimafuna dizilo woyera. Dizilo wa m'zigubu amene anthu amagula mafuta akasowa amatha kupha ma injekita ake sabata imodzi, ndipo sensa imodzi ikafa ku Thekerani galimoto imagona komweko kudikira munthu wa makina kuchokera ku Blantyre. Komatu izi zikungotiuza injini yoti tisankhe. Yoyenera ndi ya pampu yamakina, yoti makaniko wa sipanala ndi khutu lakuthwa aimve ikamadwala. Ngakhale 200Tdi ya Land Rover yomwe, imene inabwera mu 1989 ndi mphamvu zoposa mahatchi 100, ili m'gulu lomweli.

Koma mlandu weniweni wagona pa mabuleki. Land Rover zakalezi mabuleki ake ndi a dilamu mawilo onse anayi, opangidwira galimoto yoyenda modekha. Mukawirikiza mphamvu za injini n'kusiya mabuleki omwewo, giyabokosi yomweyo ndi ma shafuti akumbuyo omwe ankathyoka kale ndi injini yofooka ija, mwapanga chilombo. Pa mtsetse wa ku Thekerani kutsikira ku Muona, galimoto itadzaza anthu ndi matumba, mabuleki a dilamu amatentha, phazi limangomira mpaka pansi. M'mawa misewu ya m'maesiteti imakhala yodzaza ndi othyola tiyi atabereka madengu, ana asukulu ndi akabaza. Ngakhale a Cobra aja anaphunzira izi: pamene ankaikamo injini ya malita 7 mu 1965, anayamba apanga chasisi yatsopano ya mapaipi okulirapo ndi masipuling'i ena. Mwini galimoto amene ndalama zake zikukwana injini yokha, osakwana mabuleki ndi miyendo yokhazikapo injini yowotcherera bwino, adikire kaye.

Boma nalo lili ndi gawo. Nambala ya injini imalembedwa mu bulubuku, ndipo wosintha injini ayenera kukaonetsa ku Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi galimoto. Lamuloli ndi labwino chifukwa limatsekereza msika wa injini zakuba, ndipo wogula injini yopanda lisiti akudziitanira apolisi. Chimene chikufunika n'chakuti kuyendera galimoto yosinthidwa injini kusathere pa kuwerenga nambala. Woyendera aione pansi, agwedeze miyendo ya injini, ayese mabuleki galimoto italemedwa, asanapereke COF. A TEVETA, amene akhala akuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, angathe kuika luso limeneli m'maphunziro a umakaniko, popeza achinyamata akuligwira kale pansi pa mitengo ya mango, akuyeza ndi chingwe ndi maso. Wowaphunzitsa kuwerengera kulemera kwa injini ndi kukula kwa mabuleki oyenerana nayo ndiye akusowa.